Kodi Mtsikana Amene Tamuthandiza Ali Nafe Ngongole?

Pali miyambi iwiri imene imabwera msanga pakamwa nkhani ikakhala ya kuthandiza mwana wa munthu wina. Woyamba umati kupatsa n'kuika. Wachiwiri umati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ambiri timalekera pomwepo, chikhalirecho mwambiwo umapitirira kuti ukachenjera manja udya naye. Miyambi imeneyi yalera ana amasiye ambiri m'midzi mwathu, ndipo sitikufuna kuinyoza. Komabe tikaimvetsera bwino, yonse iwiri ikulonjeza woperekayo kuti chake chidzabwerera. Ndiye tiyeni tilingalire pamodzi: tikamulipirira mtsikana wosauka sukulu, kodi tili ndi ufulu woyembekezera chiyani kwa iye? Nanga akalephera kuchita zimene tinayembekezerazo, kodi n'chilungamo kumulanda thandizolo?

Funsoli limakhudza atsikana ambiri zedi. Mu 1994 boma la Malawi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana a sukulu chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Atsikana analowa Sitandade 1 mwaunyinji ngati anyamata. Kumene amatithera ndi m'makalasi apamwamba. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inatseka mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Mafumu ena, monga Senior Chief Kachindamoto a ku Dedza, anathetsa maukwati a ana mazanamazana. Koma lamulo siligula yunifomu. Siligula nsapato, sopo, mapadi kapena makope, ndipo sililipira lendi ya kachipinda pafupi ndi sekondale yoyendera, kumene mtsikana wa Fomu 1 amagona ndi kudziphikira yekha chifukwa kwawo n'kutali. Mpata umenewu ndi umene mabungwe, mipingo, timagulu ta anthu akufuna kwabwino, ndi malume amene ali ku Johannesburg amayesa kutseka.

Thandizo lotere nthawi zambiri limabwera ndi malamulo ake. Usajombe. Ukhoze mayeso. Ukatenga pakati, dzina lako tilifufuta. Ena amawonjezapo kuti ulembe kalata yothokoza teremu iliyonse ndipo ulole kujambulidwa.

Tisafulumire kunena kuti oika malamulowa ndi ouma mtima. Ndalama n'zochepa, ndipo amene akuzigawa nthawi zambiri si mwini wake, wangosungitsidwa ndi anthu ena amene anazipereka kuti mwana aphunzire. Akazipereka kwa mtsikana amene sakupita kusukulu pamene mnzake wa khomo lachiwiri akulira kufuna malo omwewo, wachita chilungamo kwa yani? Palinso mfundo ina imene sitiiganizira kawirikawiri. Lamulo limatha kuteteza mtsikanayo pakhomo pawo pomwe. Tsiku la msika likafika, kapena nthawi yopalira, amene amauzidwa kuti lero usapite, ukagulitse mandasi kapena ulere mng'ono wako, ndi mwana wamkazi. Mwana wa zaka 14 sangatsutsane ndi mayi ake kapena agogo ake. Koma akanena kuti ndikajomba ndalama zija ziima, nyumba yonse imamvetsa, ndipo m'mawa amamudzutsa okha. Pamenepo lamulo lamulankhulira mawu amene iye sakanatha kulankhula.

Mwamwayi, funsoli linayesedwapo kuno kwathu, m'boma la Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009. Akatswiri atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anatsata atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Madera anagawidwa mwa maere. M'madera ena atsikana a pasukulu ndi makolo awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha mtsikanayo akapezeka m'kalasi masiku 80 mwa masiku 100 alionse. M'madera ena ankalandira ndalama zomwezo popanda lamulo lililonse, kaya apite kusukulu kaya asapite. M'madera otsala munalibe thandizo. Ndalamazo sizinali zambiri: makolo ankalandira pakati pa madola 4 ndi 10 pamwezi, mtsikana mwini pakati pa dola imodzi ndi madola 5.

Zotsatira zake sizinakondweretse mbali imodzi yokha. Pa nkhani ya sukulu, lamulo linapambana. Atsikana olandira ndalama za lamulo anasiya sukulu ochepa, ankajomba pang'ono, ndipo anachita bwino pa mayeso owerenga Chingerezi. Ndalama zopanda lamulo zinathandizanso kusunga ana pasukulu, koma mphamvu yake sinafike ngakhale theka la zinzakezo. Tikanalekera apa tikanati nkhani yatha. Koma pa maukwati ndi mimba zinthu zinatembenuka. Pakati pa olandira ndalama zopanda lamulo, maukwati anachepa ndi 44 peresenti ndipo mimba zinachepa ndi 27 peresenti poyerekeza ndi madera opanda thandizo, pamene ndalama za lamulo sizinasinthe kwenikweni zimenezi.

Chifukwa chake n'chimene tiyenera kuchiganizira mofatsa. Kusiyana konseko kunachokera kwa atsikana amene anasiya sukulu. M'magulu onse munali ena amene anasiyabe. Kumene kunali lamulo, mtsikana akasiya sukulu ndalama zinkaima, ndipo ankatsala wopanda sukulu, wopandanso chothandiza pakhomo. Njira yotsala yoonekeratu inali banja. Kumene kunalibe lamulo, mtsikana wosiya sukulu ankalandirabe kangachepe kaja, ndipo kanali kokwanira kuti iye ndi makolo ake athe kukana mwamuna wobwera ndi thumba la ufa. Tinganene kuti lamulo linathandiza amene anali ndi mphamvu zolisunga, n'kuchotsa dzanja pa amene anagwa, pa nthawi yeniyeni imene ankalifunitsitsa.

Akatswiriwo anabwereranso patapita zaka zoposa ziwiri ndalama zitatha, ndipo zimene anapeza zimatichotsa matama tonse. Phindu la ndalama zopanda lamulo linali litazimiririka, chifukwa thandizo litangoima ambiri mwa atsikana aja anakwatiwa ndi kutenga pakati. Chimene chinatsala chooneka n'chakuti ana obadwa kwa atsikanawa pa nthawi ya thandizo anakula bwinopo mu msinkhu. Panalinso gulu lina, la atsikana amene anali atasiya kale sukulu ntchitoyi isanayambe, n'kupatsidwa ndalama kuti abwerere. Amenewa ndi amene kusintha kwawo kunakhalitsa: anaphunzira makalasi ochulukirapo ndipo anachedwa kukwatiwa ndi kubereka. Gulu limene ambiri a ife tikanalilumpha posankha, poganiza kuti awa zawo zinada kale, ndi limene linapindula kwa nthawi yaitali.

Nanga titengepo chiyani? Ife tikuona kuti lamulo lokha silichimwa, koma pali funso limene liyenera kufunsidwa pa lamulo lililonse: kodi chimene tikumulamulacho chili m'manja mwake? Kudzuka m'mawa, kumvetsera m'kalasi, kusamala makope, izi mtsikana angathe, ndipo kumupempha kuti azichite ndi kumulemekeza, chifukwa tikumuona ngati munthu wotha kusunga pangano. Munthu amene sitimuyembekezera kalikonse tamutaya kale mumtima. Koma mayi ake akagonekedwa m'chipatala iye n'kukhala wodikirira matenda milungu itatu, kujombako sikunali m'manja mwake. Mtsinje ukadzaza mu Febuluwale, kapena akakhala kumwezi wopanda chovala, pasukulu popanda chimbudzi chotseka, chimodzimodzi. Kaundula wa m'kalasi amangolemba kuti sanabwere. Salemba chifukwa.

Lamulo lovuta koposa ndi la mimba. Oliika amati likhala chiopsezo, ndipo mwina kwa ena limagwiradi ntchito. Koma tiyeni tione amene limamugwera. Mtsikana wa zaka 15 amene wapatsidwa pakati ndi bambo wa zaka 35 pamaso pa malamulo a dziko ndi mwana wolakwiridwa. Bambo uja, kaya ndi wa golosale kaya ndi wogula nsomba kunyanja, nthawi zambiri amapitiriza malonda ake ngati palibe chachitika. Ife tikafufuta dzina la mtsikanayo, chilango chonse chagwera mbali imodzi, ndipo wachipereka ndi ife amene tinati tabwera kudzathandiza. Boma lenilenilo, kuyambira 1993, limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Zingakhale zodabwitsa kuti anthu ochita zachifundo akhale ouma kuposa ndondomeko ya unduna. Tikudziwa kuti si mimba iliyonse imabwera mokakamiza. Ena amasankha molakwa ndithu, monga achinyamata a mibadwo yonse. Koma ngakhale pamenepo, mayi wa zaka 16 amene ali ndi khanda kumsana akufunika sukulu kwambiri kuposa mmene ankaifunira chaka chatha.

Apa tafika pa funso limene lili pansi pa mafunso onsewa. N'chifukwa chiyani tikumuphunzitsa? Yankho limene timamva pa wailesi ndi lakuti kuphunzitsa mtsikana ndi kuphunzitsa mtundu: ana ake adzakhala athanzi, adzapita kusukulu, dziko lidzatukuka. Zimenezi n'zoona. Ziphunzitso za Chibahá'í nazonso zimati banja likalephera kuphunzitsa ana onse, mwana wamkazi akhale patsogolo, popeza ndiye mphunzitsi woyamba wa m'badwo wotsatira. Koma ziphunzitso zomwezo zimatiuzanso kuti mzimu wa munthu si wamwamuna kapena wamkazi, ndiponso kuti munthu aliyense analengedwa ndi kuthekera kumene kuyenera kukula. Tikatenga chifukwa choyambacho chokha, n'kuiwala chachiwirichi, mtsikana amasanduka munda umene tathiramo feteleza kuti tidzakolole. Ndiye munda ukapanda kubereka timatani? Timausiya tsala. Nanga mtsikana amene sadzabereka ana? Nanga amene ali ndi ulumali woti sadzalembedwa ntchito, kapena amene wayesetsa koma MSCE yamukanika kawiri? Ngati chifukwa chathu chinali zokolola zokha, pa atsikana amenewa ndalama zathu zinapita pachabe. Ife sitikhulupirira zimenezo. Mtsikana amene tsopano amatha kuwerenga yekha pepala la kuchipatala, amene amadziwa kuwerengera phindu la tomato wake popanda womubera, amene anamvapo kukoma kwa kumvetsa chinthu chimene dzulo chinali mdima, walandira chimene chinali chake kale. Kukhala mayi wabwino kapena namwino wa mudzi ndi zipatso zimene tingazisangalalire zikabwera.

Tikavomereza kuti maphunzirowo anali ake kale, nkhani ya ngongole imasintha. Munthu amene wakubwezera mbuzi yako yosochera umamuthokoza, ndipo n'koyenera kutero, koma sakhala mwini mbuziyo, sakhalanso mwini wako. Kuthokoza ndi khalidwe labwino, ndipo timafuna ana athu onse akhale nalo. Vuto limayamba pamene kuthokozako kwasanduka msonkho. Tonse tinaonapo mwambo wopereka thandizo: atsikana afola pamzere kutsogolo kwa sukulu yonse, wina akuwerenga mokweza kuti uyu ndi wamasiye, uyu bambo ake anathawa, kenaka agwada kulandira paketi ya mapadi kamera ikuthwanima, madzulo chithunzi chili pa Facebook. Amene akonza mwambowo ali ndi zifukwa zawo, pakuti opereka ndalama amafuna umboni. Koma mtsikanayo walipira mapadiwo ndi chinthu chodula kuposa mtengo wake wa m'sitolo, ndipo mawa akalowa m'kalasi anzake onse akudziwa za kwawo.

Pali choopsa china chimene tiyenera kuchitchula mosabisa. Mtsikana amaphunzira kwa ife tanthauzo la kuthandizidwa. Tikamuphunzitsa kuti amene wakulipirira fizi sumukana, sumufunsa, ndipo akakuitana umathamanga, tamuphunzitsa phunziro lomwelo limene chidyamakanda amadalira. Naye amayamba ndi sopo, mafuta odzola ndi mayunitsi a foni, kenaka amakumbutsa kuti ndakuchitira zambiri. Ndipo tisadzinamize kuti anthu oterowo sapezeka pakati pa ogawa thandizo. Kulikonse kumene munthu mmodzi ali ndi mphamvu yolemba kapena kufufuta dzina pa mndandanda, mwana ali pangozi. Mtsikana ayenera kumva kuchokera kwa ife, m'mawu omveka, kuti thandizoli saligula ndi kalikonse, kuti palibe munthu mmodzi angalichotse, ndiponso kuti pali mayi wakutiwakuti amene angamuuze wina akamupempha zosayenera.

Kodi ndiye kuti wolandira alibe udindo uliwonse? Pano tingaphunzirepo kanthu ku bungwe la CAMFED. Linayamba mu 1993 pamene Ann Cotton, mphunzitsi wa ku Britain, anasonkhanitsa ndalama zolipirira atsikana 32 ku sekondale m'dziko la Zimbabwe, ataona kuti chimene chinkawatsekereza atsikana kusukulu chinali umphawi wa makolo koposa mwambo. Mu 1998 atsikana oyamba kumaliza anakhazikitsa gulu lawo lotchedwa CAMA, ndipo mmodzi mwa iwo, Angeline Murimirwa, anadzakhala mkulu wa bungwe lonselo. Ntchitoyi inafika ku Zambia mu 2001 ndi ku Malawi mu 2009. Chimene chimatikopa ndi kumene kubweza kumaloza. Amayi a CAMA sabwezera amene anawalipirira. Amabwerera kusukulu za kwawo kukalangiza ana, ndipo bungweli limanena kuti aliyense wa iwo amathandiza atsikana ena pafupifupi atatu ndi ndalama za m'thumba mwake. Kupatsa kwakhaladi kuika, koma wotapa m'nkhokwemo ndi mwana wina amene woperekayo sadzamuona.

Njira imeneyi ili pafupi ndi mtima wa kutumikira umene timaphunzira m'magulu athu, chifukwa imamuona wolandira ngati munthu amene nayenso ali ndi chopereka. Komabe nayonso ingathe kupotozedwa. Tikudziwa katundu amene amasenza mwana woyamba kupeza ntchito pabanja: malipiro asanafike, fizi ya ang'ono ake anayi, feteleza wa amalume ndi maliro a mudzi wonse zamudikirira kale. Tikamuwonjezera ngongole ina yolembedwa, yoti uthandize atatu chifukwa ife tinakuthandiza, tangosintha dzina la wokongoza. Kutumikira kumene kumakhalitsa ndi kumene munthu wakuzolowera ali wamng'ono n'kukukonda. Mtsikana wa Fomu 2 angathe kale kuthandiza ana a Sitandade 3 kuwerenga Loweruka masana. Akatero amadzionera yekha kuti si wopemphetsa, ndipo zimenezi zimamuwongola msana kuposa malangizo onse amene tingamupatse. Timuitane ku ntchito yotere monga timaitanira wachinyamata aliyense wa m'mudzimo, wolandira thandizo ndi wosalandira yemwe, kuti isaoneke ngati ganyu yolipirira fizi.

Tanena zambiri za malamulo a mtsikana. Kawirikawiri pangano limakhala la mbali imodzi: iye akaphwanya lake amalangidwa, ife tikaphwanya lathu timangoti ndalama zavuta chaka chino. Zimene zinachitika ku Zomba ndalama zitatha zikutichenjeza pamenepa. Thandizo la zaka ziwiri kwa mwana amene akufunika zaka zinayi limangochedwetsa tsiku la ukwati. Gulu limene lili ndi ndalama zokwanira atsikana khumi kwa chaka chimodzi lichita bwino kufunsana ngati si kwabwino kutenga awiri kapena atatu n'kuwafikitsa ku Fomu 4, ngakhale kuti khumi amamveka bwino mu lipoti. Fizi ifike teremu isanayambe, kuti mwana asabwezedwe pageti anzake akuona. Ndipo pokambirana za amene athandizidwe ndi mmene athandizidwire, atsikana eni ake akhalepo ndipo afunsidwe. Kambiri akulu timagula zikwama, pamene chimene chikumujombetsa mwanayo ndi njala ya masana kapena mtunda wa makilomita 9 umene njinga yakapalasa ikanaufupikitsa.

Tikuganizanso kuti kujomba kuyenera kuyambitsa ulendo usanayambitse chilango. Masukulu ambiri a kuno ali ndi magulu a amayi amene ntchito yawo ndi kulondola atsikana osiya sukulu. Kaundula akaonetsa kuti mwana wasowa sabata yathunthu, mayi mmodzi wa gululo apite kwawo, akhale pamkeka, amve. Mwina apeza matenda, mwina apeza kuti mphunzitsi wina akumuvutitsa, mwina apeza kuti mwanayo wangotayirira ndipo akufunika mawu olimba. Zitatuzi sizingachiritsidwe ndi mankhwala amodzi, ndipo pepala la malamulo silingathe kuzisiyanitsa.

Chotsala ndi chija tinachitchula poyamba, mtsikana wa khomo lachiwiri. Tiyerekeze kuti gulu lathu lili ndi ndalama za mwana mmodzi yekha, ndipo amene tinamusankha watenga pakati ali Fomu 2. Akhala pakhomo pafupifupi chaka. Mnzake wakhoza mayeso a Sitandade 8, wasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo alibe womulipirira. Tikasunga ndalamazo kudikira woyamba, wachiwiri ataya malo ake. Tikazipereka kwa wachiwiri, talowa pangano la zaka zinayi, ndipo woyamba akadzabwera ndi khanda lake adzapeza m'thumba mulibe kanthu. Maganizo athu ndi akuti ndalama za chaka chimenecho zipite kwa wachiwiri, pakuti malo a ku sekondale sadikira. Koma tsiku lomwelo anthu awiri a gululo apite kwa woyambayo kukamuuza, makolo ake akumva, kuti dzina lake silinafufutidwe, ndipo akambirane za amene adzatsale ndi mwana iye akadzabwerera m'kalasi. Kuyambira pamenepo gululo lili ndi miyezi khumi ndi iwiri yoti lipeze fizi ya atsikana awiri. Mwina zidzatanthauza kulima dimba limodzi, mwina kugogoda pa makomo amene sitinagogodepo, mwina kupempha a komiti ya sukulu ndi amfumu kuti asenze mbali ina. Msonkhano wotsatira uyambe ndi nkhani imeneyo, ndipo mlembi alembe dzina la amene watenga mbali iliyonse.